Boneti ya Taonga

Kanyama, Lusaka
Lamulungu, 9 Febuluwale 2025

Okondedwa achemwali anga, amake Taonga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi alamu ndi onse a ku Mchinji. Kuno tadzuka, koma mvula yatikwana. Kanyama mukuidziwa inu. Madzi afika pakhonde, ndipo mlamu wanu Virginia wayala njerwa kuyambira pakhomo mpaka pageti kuti tizidumphira ngati achule. Denga lija munkaliseka ndinalikonza, tsopano likudontha malo amodzi okha.

Mukudabwa kuti Lemmy, munthu amene foni siichoka m'manja, wayamba liti kulemba makalata. Sabata ino ndakuimbirani katatu. Ulendo wachiwiri munayankha, ine n'kungokufunsani za chimanga ndi feteleza, basi n'kudula. Sindinaimbire zimenezo. Vuto lanu pafoni mumandidula mawu, khalidwe lanu kuyambira tili ana, ndipo nkhani iyi mukandidula pakati sindidzaimaliza. Ndiye kalatayi ndiipereka kwa ba Kombe a kutchalitchi kwathu, amene amabwera kwanuko kudzagula mtedza. Akwera basi mawa m'mamawa ndipo alonjeza kukupatsani m'manja. Khalani pansi musanapitirize. Nkhani ndi ya Taonga. Ali moyo, sanavulale, musayambe kulira.

Ntchito yanga simunaimvetsepo bwino, mumangouza anthu kuti mlongo wanga amakhoma magalimoto. Kukhoma ndinasiya kale, nditachoka kugalaji ya ku Industrial penti itandiwononga chifuwa. Tsopano ndimawongola madenti, malo amene chitsulo cha galimoto chalowa mkati, osakhudza penti. Munthu akandiimbira ndimamangirira chikwama panjinga yamoto n'kumupeza pakhomo pake kapena kuntchito kwake. M'chikwamamo muli ndodo zachitsulo zopindika kunsonga, guluu wachikasu wochita kutenthetsa, ndi nyali ya mizeremizere. Nyaliyo ndikaiimika pambali pa galimoto, mizere imaonekera papenti, ndipo pamene pali denti imakhota. Ndimalowetsa ndodo kuseri kwa chitsulo n'kumakankha pang'onopang'ono mpaka mizere itawongoka. Ndikachoka, ngakhale mwini wake sangaloze pamene panali vuto. Anthu amandikondera zimenezo. Mayi amene wagunda geti mwamuna wake ali ku Ndola, dalaivala amene akuopa bwana wake, onsewa nambala yanga ali nayo. Ndakhala ndikuseka nazo pakati pa anzanga, kumadzitcha wofufuta machimo a mu Lusaka.

Zaka zisanu ndi zitatu pantchitoyi zandiphunzitsa kuwerenga denti. Ya bango lakugwa mumtengo ndimaidziwa, ya mpira wa ana ndimaidziwa, ya chitseko cha galimoto inzake poimika pa Kamwala ndimaidziwanso. Chitsulo ndi mwala zimakanda penti. Chinthu chofewa sichikanda, chimangolowetsa chitsulo motakata. Mawu amenewa muwasunge.

Lolemba pa 27 Januwale, cha m'ma 11 koloko m'mawa, Taonga anandiimbira. Anati ndibwere msanga, osati kunyumba kwake ku Chawama koma kwa mnzake wina ku George. Ndinapeza galimoto yake yoyera ija, imene munaipempherera pafoni tsiku limene anayamba nayo ntchito ya takisi, ili kuseri kwa nyumba ataifunditsa tenti. Atavundukula ndinaona madenti awiri paboneti. Ina inali kutsogolo kwenikweni, inayo yaikulu ngati mbale, pafupi ndi galasi. Penti inali bwinobwino. Anandiuza kuti ankadutsa munthu wa njinga ndipo thumba la makala linagwera paboneti. Ndisanagwire ndinajambula chithunzi, monga ndimachitira nthawi zonse kuti ndizionetsa makasitomala mmene galimoto inalili ndi mmene yakhalira. Iye analumpha ngati waponda moto, akuti ndifufute. Ndinamuuza kuti ndafufuta, koma sindinafufute.

Ndinagwira maola anayi. Mvula inkawaza, iye atandigwirira ambulera mopendeketsa mpaka madzi kumandigwera m'khosi. Ndinamukalipira kuti agwire ngati mwamuna. Ntchito inatha, ndipo ndikuuzani mwamanyazi kuti chibadwire changa sindinawongolepo boneti bwino chotero. Ndinayendetsa nyali kawiri konse, mizere ili nji. Ndinanyadira, achemwali.

Lachitatu uthenga unafika pagulu la mpingo kuti ba Blackson amwalira kuchipatala. Inde, ba Blackson omwewo, amene anabwera kuno palole imodzi ndi malemu atate kuchokera ku Dowa, amene ankatigulira zitumbuwa tikatuluka Sande sukulu, amene anayankhula pamanda a atate ife tikulephera kutsegula pakamwa. Lolemba m'mawa ankapita ku Kamwala kukaoda sopo ndi machesi za kantemba, kagolosale kakang'ono ka akazi awo, ba Edna. Galimoto inawagunda akuwoloka msewu mvula ili mkati, ndipo sinaime. Anagona m'madzi m'mphepete mwa msewu mpaka amayi ogulitsa tomato anaimitsa lole. Amene anaona amati inali galimoto yaing'ono yoyera. Nambala palibe anaigwira. Nanga magalimoto ang'onoang'ono oyera mu Lusaka angawerengeke?

Achemwali, pamwambapa ndalemba ngati ndinadziwa Lachitatu. Ndimafuna muwerenge choncho, ndipo ndinatsala pang'ono kuzisiya choncho. Ndi bodza. Ndinadziwa Lolemba lomwelo, kuseri kwa nyumba ija.

Makala amakanda penti, amasiyanso fumbi lakuda, ndipo thumba silichoka panjinga n'kuuluka kukagwera pafupi ndi galasi. Denti ya kutsogolo inali pamsinkhu wa chiuno cha munthu. Inayo inali pamene pamafikira phewa ndi mutu. Ndinaziona nyali ndisanayatse n'komwe. Ndiye nditatsegula boneti kuti ndilowetse ndodo, m'kangalande kaja ka pansi pa mawaipa, momwe mumagwera masamba, ndinapeza kamwendo ka magalasi a maso, kaja kamakola kukhutu. Kanali kakuda, ndipo polumikizira pake panali guluu wachikasu. Guluu wanga. Mwezi wa Novembala titatuluka m'tchalitchi, ba Blackson anandipatsa magalasi awo atathyoka, akudandaula kuti akulephera kuwerenga nyimbo. Ndinakawamata kunyumba n'kuwabwezera sabata yotsatira. Anaseka kwambiri, akuti tsopano nawonso alowa m'gulu la magalimoto a Lemmy.

Kamwendoko ndinakaponya m'thumba la ovolosi osamuonetsa Taonga. Sindinamufunse kalikonse. Ndinadziuza kuti guluu wachikasu ali ndi anthu ambiri mumzinda muno, n'kutenga ndodo yanga kuyamba ntchito. Ndinkaganiza za inu, za mkazi wake Mwaiwathu amene ali ndi pakati, za mwana amene ndinamulera m'nyumba mwanga. Za mkulu amene wagona pena pake sindinafune kuganiza.

Chimene chikundidya kwambiri ndi ichi. Ba Blackson analibe foni, ndipo chikwama chawo chinatayika pamsewu pomwepo, choncho kuchipatala sanadziwe kuti ndi ndani. Ba Edna anadikira pakantemba tsiku lonse la Lolemba. Lachiwiri anazungulira ku Kamwala, kupolisi, kwa abale ku Matero, n'kudzawapeza madzulo atasiya kale kuyankhula. Anamwino anawauza kuti Lolemba masana mkuluyo ankayankhulabe, akuitana dzina la Edna. Masana amenewo ine ndinali ku George kuwongola boneti, nambala ya ba Edna ili m'foni mwanga. Taonga ndiye anagunda, sindikukana. Koma amene anawamana mayi aja mawu omaliza a mwamuna wawo ndine.

Maliro anali Loweruka pa 1, kumanda a kufupi ndi Chunga. Amuna a mpingo anandiika m'gulu lonyamula bokosi, ndipo ndinanyamula. Ndikanakana ndikanati chiyani? Titabwerera kusiwa, ba Edna anatuma munthu kuti andiitane m'nyumba. Ndinawapeza atakhala pamphasa, atatsamira khoma, mawu atatha ndi kulira. Anandithokoza chifukwa chonyamula mnzawo wa atate. Anandiuza kuti awaika ndi magalasi awo, ngakhale magalasiwo anapezeka ndi kamwendo kamodzi, chifukwa mkuluyo sankayenda popanda magalasi. Kenako anandigwira dzanja.

"Iwe Lemmy, umayenda m'mayadi mwa anthu, umaona magalimoto amene ife sitiona. Ukadzaona yoyera yophwanyika kutsogolo, udzandiuze. Sindifuna kubwezera. Ndingofuna kudziwa munthu amene anawasiya m'madzi."

Ndinayankha kuti chabwino, amama. Kamwendo kaja kanali m'thumba la jekete langa, chifukwa chiyambire Lolemba ndinkaopa kukasiya paliponse. Ndinatsazika n'kutuluka.

Sabata yathayi sindinali munthu. Lachiwiri ndinapita ku Kabulonga kukawongola chitseko cha mayi wina, kadenti kakang'ono koti ndikanakamaliza nditatsinzina. Ndinakankha mopitirira, penti n'kung'ambika. Zimenezo sizinandichitikirepo chiyambire chaka changa choyamba. Ndinapepesa, kulongedza ndodo zanga n'kumapita. Lachitatu Virginia anapeza kamwendoko akufuna kuchapa jekete. Mukumudziwa mlamu wanu, safunsa kawiri. Anakaika patebulo n'kukhala pansi kundidikira, ndipo ndinamuuza zonse.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinamukumbutsa tsiku limene munkanyamuka kupita ku Mchinji ndi alamu, Taonga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akukana kusiya sukulu yake ndi anzake. Munandigwira paphewa pa siteshoni n'kundiuza kuti mwini mbumba ndine, mwanayu ndi wanga kuposa wa atate ake, ndimusamale. Ndinamuuza Virginia kuti malume sapereka mwana wa mlongo wake, chibale ndi fupa sichiola. Iye anandiyankha kuti mlandunso suola. Anati kwathu mwana akapalamula, amene amanyamuka kukagwada kwa olakwiridwa ndi malume, si malume amene amatenga tsache kusesa mapazi. Ndinamukalipira kuti Taonga si magazi ake n'chifukwa chake akuyankhula mopepuka. Analira. Ndi iye amene ankamusambitsa mwanayo pamene anadwala chikuku, inu mukudziwa. Ndamupepesa, koma mawu ndinatulutsa kale.

Lachisanu masana ndinapita ku Chawama. Ndinadikira kuti Mwaiwathu apite kumsika, kenako ndinaika kamwendoko patebulo pamaso pa Taonga, ndi foni yanga chithunzi chija chili poyera. Sanakane. Anati foni inalira, kasitomala akumuitana, ndipo anangoyang'ana pansi kamphindi kamodzi, mvula ikumenya pagalasi. Anamva phokoso, n'kuona munthu akugubuduka. Atayang'ana pagalasi lakumbuyo anaona anthu akuthamangira, wina atanyamula mwala. Achemwali, pamenepa ndimamumvetsa. Tonse taonapo zimene gulu limachita kwa dalaivala mumzinda muno. Koma wothawa gulu amathawira kupolisi, ndipo iye anathawira ku George n'kuimbira malume ake. Akuti sanadziwe kuti anali ba Blackson mpaka Lachitatu, ndipo chiyambire tsikulo sakudya. Ndikumukhulupirira, chifukwa buluku likumuvuka.

Ndinamuuza kuti Lolemba 8 koloko m'mawa ndikupita kupolisi, ndipo ndikufuna tipite awiri, alowe yekha ndi miyendo yake. Anagwada pansi, mwamuna wamkulu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

"Ba malume, mwana wanga azabadwa nili mu jele? Palibe aziba. Motoka ili che bwino, nimwe munaikonza."

Nditakana, anaimirira n'kusintha nkhope. Sindinamuonepo chotero.

"Mukanipeleka, mwazipeleka mweka. Bazakufunsani, chifukwa chani munawongola? Tizagona tonse mu selo."

Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Dzanja langa linakwera kufuna kumumenya, koma ndinalibweza, poti ndikanamenya chiyani chimene mwa ine mulibe? Anandiuza kuti ndituluke m'nyumba mwake ndisadzapondemonso. Ndinatola kamwendo ndi foni n'kutuluka. Pakhomo ndinakumana ndi Mwaiwathu akuchokera kumsika ndi repu, akundifunsa chifukwa chake ndikupita osadya.

Musaganize kuti ndikulemba ngati munthu wolimba mtima. Ndikuchita mantha kwambiri. Taonga sananame, mwina nanenso anditsekera, chifukwa ndinafufuta umboni ndi manja anga ndikudziwa. Ngakhale atandisiya, ntchito yanga yatha. Anthu amandiitana chifukwa ndimabwera mwakachetechete n'kuchoka osafunsa. Ndani adzaitanenso wowongola madenti amene amasunga zithunzi n'kupita nazo kupolisi? Ndipo choposa zonse ndikuopa inu. Munandisiyira mwana wamoyo, wanzeru, woseka, ndipo ine ndikukamupereka. Kangapo konse ndatsegula chithunzicho chala chili pofufutira. Likanakhala dzina chabe la munthu wosamudziwa, mwina ndikanafufuta, sindikubisirani. Koma Lamulungu lililonse ba Edna adzakhala pabenchi yachiwiri kumanzere, adzandipatsa moni, adzandifunsa ngati ndaona kanthu. Sindingathe kuwayankha kuti ayi mpaka imfa yanga.

Dzulo tsiku lonse foni ya Taonga inali yozima. Ndinaganiza kuti wathawira kwanuko, ndinaganizanso zina zoipa zimene sindilemba. Lero kutchalitchi sindinamve ngakhale liwu limodzi la ulaliki. Titabwerako tinapeza galimoto yoyera itaima pageti pathu, matayala ali m'madzi. Taonga anali atakhala pakhonde, pampando uja ankakhalira polemba homuweki, nsapato zitanyowa. Sanandipatse moni. Anangonditambasulira makiyi, ine n'kulandira. Anamuululira mkazi wake zonse dzulo, ndipo wamusiya kwa anzake a mpingo ku Chawama. Agona kuno lero kuti mawa tinyamukire limodzi. Anandipempha chinthu chimodzi chokha.

"Ba mai mubauze ndimwe. Ine siningakwanise."

Ndiye chifukwa chake cha kalatayi. Pamene mukuiwerenga, ife tapita kale. Ndikudziwa mudzati ndikanakudikirani, ndikanakufunsani kaye poti mwana ndi wanu. Ndachita dala. Mukanalira pafoni ndikanagonja, ndipo tonse atatu tikanasenza mkulu uja moyo wathu wonse.

Tsopano zopempha zanga. Bwerani msanga, musadikire kupalira kuthe, alamu aone okha za kumunda. Mwaiwathu masiku ake ndi a mu Malichi, amayi ake ali kutali ku Lundazi ndipo miyendo ikuwavuta. Akufunika munthu wamkulu pambali. Mubweretsere Taonga bulangeti lokhuthala ndi juzi, akuti kwa otsekeredwa amalola abale kupereka. Mukafika pa siteshoni muimbire Virginia, chifukwa sindikudziwa ngati foni yanga idzakhala m'manja mwanga. Chomaliza ndi chovuta. Ndikatuluka kupolisi, kaya mawa kaya liti, ndiyenera kupita kwa ba Edna kukagwada ngati malume ake a Taonga, ndi kukanena za ine mwini. Kamwendo kaja apolisi akathana nako ndidzakapempha kuti ndikawabwezere. Ndikupempha mudzapite nane. Ankakukondani inu kuposa ine, ndi iwo anakumangani duku paukwati wanu woyamba. Ngati mukufuna kunditukwana, dzanditukwanireni kuno pamaso, ndidzakhala chete.

Posachedwapa ndinatuluka kukatenga chikwama changa panjinga. Dzuwa linali litatulukako pang'ono, likuwala paboneti. Ndinaima n'kuiyang'ana mbali zonse, ndinawerama monga ndimachitira, kufuna kupeza ngakhale kamzere kamodzi kokhota. Palibe, achemwali. Palibe munthu akanadziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze mmene mungathere. Moni kwa ana onse. Virginia akupereka moni, akuti chipinda chanu wayala kale ndipo waika beseni pamene pakudontha. Waphika nkhuku ija timasungira Isitala, koma palibe amene waigwira. Ndamufunsa Taonga ngati ali ndi mawu oti ndilembe pansi pano. Wayang'ana madzi a pabwalo. Kenako wati ndikuuzeni kuti mukamabwera musakhale pawindo, basi ya ku Chipata imalowa mphepo ndipo chifuwa chanu sichili bwino.

Ine mlongo wanu, amene munamusiyira mwana,

Lemmy